Bulu wa Wophika Buledi

Lachiwiri, 9 Epulo
Tafika. Mudzi uli pamwamba penipeni pa phiri, nyumba zamiyala, zakale kuposa ine. Mitengo maluwa okhaokha, ine chimfine chokhachokha. Galimoto yatsala kumunsi, kuno ndi masitepe basi. Mwana wanga, Nesi, akundiyang'ana miyendo ngati wogula mbuzi. Ndamutulukira. Ulendo uno ndi mayeso. Ndikalephera, andichotsa pakhomo panga ndikakhale nawo kutauni. Nyumba yomwe tinamanga ndi malemu amake!

Lachitatu, 10 Epulo
Bondo lakumanzere lanyanyala ntchito. Ndauza mkamwini kuti ndikuyenda pang'onopang'ono polemekeza mbiri. Akuti, "Bambo, lemekezani msanga, chakudya chikuzizira." Nditakhala pamwala pafupi ndi tchalitchi chakale kuti ndipume, alendo ayamba kundijambula. Ndawauza kuti tchalitchicho ndinamanga ndine. Wina walemba.

Lachinayi, 11 Epulo
Nesi walamula: mawa ndikakafika ndekha pansanja ya belu, zosamuka azisiya. Ndapangana ndi wophika buledi. Ali ndi bulu amene amagawa buledi m'tinjira timeneti. Andibwereka m'mawa. Ndikatsikira kuseri kwa nsanja, n'kutulukira ndili wefuwefu. Nzeru sizikalamba.

Lachisanu, 12 Epulo
Kalanga ine. Buluyo za nsanja sazidziwa. Amadziwa makasitomala. Khomo lililonse njo! mpaka mwininyumba atuluke. Mayi wina watuluka ndi dengu, wandiyang'ana kuyambira kumutu: "Buledi walero ndiye wagonetsa." Ndakoka chingwe. Ndamunyengerera. Ndamutchula achimwene. Ayi ndithu, khomo ndi khomo, ana pambuyo ngati ukwati.
Khomo lomaliza, nyumba ya alendo yomwe tikugona. Nesi pakhonde, kapu ya tiyi m'manja. Bulu njo! Ine pamsana, chipewa chili pambali. Mkamwini wathawira m'bafa, kuseka kukumveka ndi pawindo.
Nesi sanaseke. Bola akanaseka.

Lamulungu, 14 Epulo
Dzulo sindinalembe.
Tatsika lero. Nesi wandigwira mkono njira yonse, ine osakana. Bondo linali litandiulula kale. Akuti chipinda changa kutauniko n'chapansi, dzuwa limalowa m'mawa. Ndinayang'ana maluwa kanthawi, chimfine chinandivutanso m'maso.
Ndamufunsa za nkhuku zanga. Akuti ziwiri zokha, bambo, ziwiri. Ndavomera mwaulemu.
Sindinamuuze kuti ziwirizo zikufungatira mazira.