Adada Akana Njinga Yoyenda Yokha

Achimwene,

Monire kumeneko ku Joni. Kuno ku Lupaso tili bwino, koma mawondo a adada akutupabe.

Loweruka tinakasankha njinga yamagetsi munanena ija. Wogulitsa anatisonyeza ziwiri. Ina imayenda yokha ukapotokola chogwirira, inayo injini yake imathandiza pokhapokha ukamapalasa. Ndinawachonderera kuti atenge yoyenda yokhayo, koma anandikalipira pamaso pa anthu: "Kodi ndine thumba la chimanga, kuti ndizingonyamulidwa?" Anatenga yopalasa.

Pachitunda chobwerera kuno mwendo wawo unakana, injini nayo inangoti zii. Tinafika pakhomo tikukankha.

Chonde aimbireni foni, mwina inu akumverani. Ine ndalephera. Mawa akuti ayesanso, ndipo ndizingowatsatira pambuyo.

Chiuta akusungeni.

Mlongo wanu,
Tiwonge