Kulira kwa Eveles

Lolemba, 2 Okutobala 1995

Amayi tawaika dzulo. Mutu ukuwawa, mawu asasa ndi kulira. Eveles, mkazi wa mlongo wanga Lawson, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Azimayi tonse m'nyumba ya siwa, iye kuseri, zala m'makutu. Ndinatsala pang'ono kumuwaza khofi. Amayi ankamukonda chonchija!

Lachinayi, 5 Okutobala

Usipa wochepa, mchere wakweranso. Usipawo sukudzaza ngakhale dengu. Azakhali a ku Chitala ayambapo, ati wosalira maliro akudziwapo kanthu. Akufuna Loweruka la sabata ya mawa banja likakumana, Lawson akamutule mkaziyo kwawo ku Maganga. Ine sindinatsutse.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Ndamupeza Eveles pa thandala la amayi loyanikapo nsomba akutembenuza usipa, akuyankhula yekha. "Tembenuza bwino mwanawe, dzuwa silidikira." Mawu a amayi enieni, mpaka kachifuwa kakumapeto kaja. Kubwereza, kubwereza. Ndinamukalipira kuti akunyoza malemu. Maso ali pa mapazi anga, anati, "Ayi alamu. Ndikasiya kunena, sadzamvekanso."

Ndinakhala pansi pamchenga. Za zala m'makutu akuti anthu akalirira pamodzi phokosolo limamubaya ngati minga. Amayi ankadziwa. Nchifukwa chake sankamukakamiza kwaya. Ankangokhala naye pa thandala tsiku lonse, popanda nkhani. Ine ndinkati sagwirizana.

Loweruka, 14 Okutobala

Takumana. Azakhali analankhula mpaka thovu. Atamufunsa Eveles ngati amayi ankawakonda, anangoti inde, basi, n'kuyang'ana nkhuku. Anthu ng'ung'ung'u. Ndinawauza poyera kuti ena analira mokuwa pamaliro diso lili pa zitenje za malemu, pomwe uyu wasunga mawu awo onse, ndipo amalira nawo m'mawa uliwonse. Kulira kwake nkumeneko. Azakhali ati ndilibe mwambo. Nzoona, ndilibe. Lawson anatsegula pakamwa potsiriza: mkazi wanga sapita kulikonse.

Azakhali akwera minibasi osatsazika.

Lachisanu, 27 Okutobala

Usipa wabwerera, Mulungu ngwabwino. Tsopano ndimayanika ndi Eveles. Sandipatsa moni, amangondisunthira malo. Ndazolowera, ndipo zikundikomera. Ine ndimadzitama kuti sindizungulira, koma uyu amandiposa. Dzulo wandiuza kuti nsomba zanga ndimathira mchere wambiri. Ndalawa, sananame.

Lero ndinalimba mtima. Ndinamupempha anene zimene amayi ankanena za ine ndikachoka. Ndimayembekeza za ukali wanga. Osasiya ntchito, m'mawu omwe aja, anati, "Gladys pakamwa mpeni, koma ndikadwala ndiye amafika woyamba." Kenako kachifuwa.

Ndinalira ine. Iye anatseka khutu limodzi, dzanja linalo n'kugwira chitenje changa, osachoka.