Mwana wanga ndi katswiri wa magemu, koma wandiletsa kukamuonerera

Aphungu,

Ndine telala. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Ndili ndi ana atatu, koma ndalemba chifukwa cha wachiwiri, wamkazi, amene ali ku koleji. Mwana ameneyu amasewera mpira wa pa sikirini, uja amati gemu. Ndikati amasewera, musaganize zongotayitsa nthawi ayi. Amuna a ndevu zawo akasewera naye amadzuka pampando akupukusa mitu.

Anayambira mu shopu mwanga momwemu. Wokonza mafoni uja anali ndi makina akale a magemu, ndiye mwanayu akaweruka kusukulu ankakhala pa thumba la zidutswa za nsalu n'kumasewera, ine ndili kalikiliki kusoka. Dzina lakuti Singano, limene amadziwika nalo pa mipikisano, ndinamupatsa ndine, poti amalowa pamene anzake sakuonapo mpata. Jezi imene amavala ndinasoka ndekha, yobiriwira, ndipo dzinalo ndinalipeta kumsana ndi ulusi wagolide.

Makasitomala anga onse amamudziwa. Munthu angobwera kudzapinditsa buluku, ndimamuonetsa kaye zigoli za mwana wanga pafoni. Mayi ake amandidzudzula kuti, "Bambo ake, anthu abwerera zovala zawo, osati mpira." Koma ndingatani? Ndi wanga.

Mwezi watha kunali mpikisano waukulu mu holo ina ya mipando yofewa, sikirini yake yodzaza khoma lonse. Mtsikana anali yekhayo, koma anawagwetsa mmodzimmodzi mpaka kufika ndime yomaliza. Atagoletsa chigoli chachiwiri, ine ndinayesa kuti zatha. Ndinathamangira kutsogolo n'kumukumbatira, uku ndikukuwa kuti, "Uyu ndi wanga uyu!" Osadziwa kuti gemu inali isanathe. Amene ankapikisana nayeyo anabweza chimodzi ine nditatchinga sikirini. Alonda anandiperekeza kumpando wanga holo yonse ikufa ndi phwete. Komabe mwana anawina, ndipo chikho chili mu shopu, pamwamba pa shelufu ya ulusi.

Tikutuluka, tinaimitsidwa ndi bambo wina wa suti, wochokera ku kampani imene ili ndi timu ya osewera magemu. Anati akumufuna mwana wanga. Azimulipira pamwezi, amupatsa makina atsopano, ndipo azipita naye kumipikisano yakunja. Koma asiye dzina la Singano, avale jezi yawo, ndipo tsiku lililonse azionekera pa intaneti akusewera uku akutsatsa malonda awo. Kenako anandigwira paphewa nati, "Madala, muli ndi katundu wabwino apa. Mtsikana wowina amayenda malonda."

Mawu akuti katundu anandilasa mumtima. Ndinayankha pompo kuti, "Mwana wanga si katundu. Sabwera." Mwini wakeyo sindinamuyang'ane n'komwe.

Tinakwera basi kubwerera. Titafika kunyumba m'pamene mwana wanga anati, "Adadi, amene amafunidwa uja ndine, si inu. Nanenso ndinamva zimene ananena. Mukanandisiya ndiyankhe ndekha."

Tsopano kukubwera mpikisano wina, ndipo wandiuza mwaulemu kuti, "Ulendo uno mutsale, Adadi." Ndamvanso kwa mayi ake kuti wa suti uja wamutumizira mgwirizano woti asayine, koma ine sakundiuza kalikonse. Aphungu, ndinalakwa kuteteza mwana wanga? Ndimukanize kusayina, kapena ndingopenya? Nanga kumpikisanoko, bwanji nditangopita mwakachetechete n'kukakhala kumbuyo?

Bambo H. D., telala

*

Bambo telala,

Choyamba, nyadirani ndithu, ndipo wina asakuletseni. Makolo ambiri amandilembera akudandaula kuti magemu awononga ana awo. Inu munaona luso pamene ena akanaona ulesi, n'kulisokera jezi. Mwana wolowa yekha mu holo yodzaza amuna, osanjenjemera, kulimba mtimako anakutengera kunyumba.

Koma munalakwa, ndipo kulakwa kwake si kuja mukuganiza. Za kutchinga sikirini zija adzaziseka yekha m'tsogolo muno. Chimene chamupweteka n'chakuti munamulanda pakamwa. Tsiku limene anaonetsa anthu kuti ndi katswiri, bambo awiri anaima pamutu pake n'kumakambirana za iye ngati palibe. Wina anati ndi katundu, wina anati ndi wanga. Palibe anamufunsa.

Pa za wa suti uja, mphuno yanu inanunkhiza bwino. Magemu masiku ano ndi bizinesi yeniyeni, ndipo makampani salemba osewera chifukwa chowakonda. Amafuna maso a anthu oonerera. Zimenezo si tchimo, ngakhale inu simusoka ulere. Alipo achinyamata amene atukuka nawo matimu otere. Koma aliponso amene amatopetsedwa n'kuonekera pa intaneti tsiku ndi tsiku, sukulu n'kuima, zala n'kuyamba kuwawa, kenako kampani n'kupeza wina wachangu kuposa iwo. Choncho funso si lakuti alowe kapena asalowe. Funso n'lakuti alowe motani.

Yambani ndi kupepesa, popanda kuwonjezera "koma". Muuzeni kuti, "Ndinayankha malo ako, ndinalakwa." Mukatero khalani chete, mumve maganizo ake. Mwina mudabwa kupeza kuti nayenso mawu aja anamunyansa.

Kenako mupempheni chinthu chimodzi chokha: asasayine munthu wodziwa malamulo asanawerenge mgwirizanowo. Inu mumadziwa kuti chovala chimaoneka bwino kunja, koma telala amachitembenuza kuti aone msoko. Afunse kuti mgwirizanowo ndi wautali bwanji, akafuna kuchoka achoka bwanji, nthawi ya mayeso amupatsa mpata kapena ayi, ndipo malonda amene azitsatsawo ndi otani. Ngati ndi a juga, alingalire kawiri, chifukwa omuonerera ambiri ndi ana. Afunsenso kuti zithunzi ndi mavidiyo ake adzakhala a ndani akadzasiyana nawo. Dzina lija asalitaye mwachisawawa, osati chifukwa munamupatsa ndinu, koma chifukwa anthu amamudziwa nalo. Timu ikhoza kutha mawa, dzina n'kumudyetsabe. Ngati akumufunadi, akambirana naye. Akanena kuti asayine lero lomwe kapena basi, limenelo ndilo yankho lake.

Za jezi, limbani mtima. Akalowa timu, avala yawo. Mwana akayamba ntchito amavala yunifolomu ya kuntchito, ndipo sizitanthauza kuti wakana kwawo.

Kumpikisano musapite. Ndabwereza, musapite, ngakhale mutavala chipewa chobisa nkhope. Munthu amene anathamangira kutsogolo holo yonse ikuona sangakhale kumbuyo mwakachetechete, mukudzidziwa nokha. Itanani wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, muonerere limodzi pafoni mu shopu, mukuwe mpaka mawu athe. Akaona kuti mwalemekeza pempho lake, ulendo wina adzakuitanani yekha.

Chenjezo langa ndi ili: musamuike poti asankhe pakati pa inu ndi mwayi wake. Mukamukaniza, akhoza kusayina mobisa, ndipo zikadzavuta adzaopa kubwera kwa inu poopa kumva kuti, "Ndinanena ine." M'bizinesi imeneyi, omuombera m'manja akawina apezeka ambiri. Amene akufunika ndi munthu woti akhoza kumuimbira foni tsiku limene waluza. Khalani munthu ameneyo.

Aphungu