Msuweni wa Msuweni Wanga

Area 25, Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ine kuno ndili bwino, kupatula fumbi ndi madzi amene amabwera pampopi akafuna okha.

Chaka ndi chaka mwakhala mukundiimbira nyimbo imodzi, yoti ndikwatire. Ana anga kusukulu ndimawaphunzitsa kuti kukwatira ndi mneni woyambukira, kutanthauza kuti sayima payekha: munthu ukati ndakwatira, anthu amafunsa kuti wakwatira yani. Yankho lapezeka tsopano. Ndi Thokozire, amasoka zovala ku Kawale, ndipo ndikumukonda kwambiri.

Koma pali kachitsotso. Nditapita kukaonekera kwawo, ndinapezako Donald, mwana wa atsibweni, atakhala pakhonde ngati mwini nyumba. Anandilonjera kuti asuweni, n'kutembenukira kwa Thokozire, nayenso asuweni. Azakhali ake a Thokozire nkhope inagwa pomwepo. Akuti msuweni wa msuweni wako ndi m'bale wako, ndiye palibe ukwati.

Ndinayesa kufotokoza mwaulemu. Ndinati zoyambukira zilipodi: ngati Grain aposa Kate msinkhu, Kate n'kuposa Lydia, ndiye kuti Grain aposanso Lydia. Koma chisuweni sichiyenda choncho. Donald ndi wanga kudzera mwa bambo ake, pomwe Thokozire ndi wake kudzera mwa mayi ake a Donald yemweyo. Magazi athu sanakumanepo paliponse. Azakhaliwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti pakhomo pawo si pa Sitandade 6, iwo amva za akuluakulu.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Muuze atsibweni abwere mwezi uno adzalongosole mzere wathu. Sadzasochera, poti bambo ake a Thokozire ndi alamu awo enieni. Muwauze kuti njira yopita kubanja limenelo anailambula ndi iwo, ine ndangotsatira.

Asachedwe chonde. Thokozire, pofuna kundiseka, wayamba kundiitana kuti achimwene, ndipo anzake kushopu atengera pomwepo. Ndimaseka nawo, koma dzulo azakhali aja anditchulanso choncho, iwo osaseka. Mtima unandipweteka njira yonse yobwerera.

Mupereke moni kwa atsibweni, azakhali, achemwali ndi alamu, komanso adzukulu anu onse.

Ndine mwana wanu,
Pemphani