Ana Anga Sadzabwera Ngati Alendo

Okondedwa achemwali a Consolata,

Muli bwanji kumeneko ku Chulu? Mwendo wa alamu uja unapola? Nanga nazale ya fodya yamera bwino? Kuno ku Joni tilipo, ine, mayi a Fainala ndi ana awiriwa, kungoti chiwotchereni nyumba za anthu obwera m'dera lathu lino, mtima sukukhalanso m'malo.

Mawu amene munatuma Davison afika. Akuti inu ndi amalume a Lameki mwagwirizana kuti ndibwere ndekha, mkazi wanga ndi ana adzangocheza mwezi umodzi n'kubwerera. Mukundidziwa, ine sinditha kuzungulira. Ndakana.

Ndinapita ku ofesi ya kazembe wathu. Anandiuza kuti ana alibe vuto, angathe kutenga mapasipoti a Malawi chifukwa cha ine. Za mayi awo, poti ndi a ku Zimbabwe, njira zilipo ziwiri. Ina ndi chilolezo cha mlendo, chomangowonjezera masiku mpaka atakuuza kuti nyamuka. Inayo ndi chilolezo chokhazikika, koma chimafuna setifiketi ya ukwati. Ife tinakwatirana pamwambo wa kwawo, wakwathu panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye tikafika tidzalembetsa ukwatiwu pa boma, ndipo padzafunika nkhoswe ya mbali yanga.

Amalume akuti ana ndi a mkazi, kwawo n'ku Zimbabwe, munda wa mbumba asauyandikire. Tamverani, achemwali. Ku Zimbabweko ine ndinalowola, ng'ombe zinapita. Apongozi anandiuza pamaso kuti ana ndi anga, kwawo n'kwa bambo wawo. Uko akuti kwanu n'ku Malawi, ku Chulu akuti kwanu n'ku Zimbabwe, kuno akutipirikitsa ndi zibonga. Kodi ana angawa anachita kugwa kumwamba?

Bambo athu anachokera ku Lundazi wapansi, chikalata analibe. Anawapatsa malo, n'kumanga chigafa pamene mukupachikapo fodya leropo. Munena kuti iwo anali mkamwini. Eya, koma alipo anawawerengera masiku?

Davison akutinso mukudandaula kuti kuponi imodzi mukugawana kale mabanja atatu. Pa feteleza wanuyo musandiwerengere, ndidzagula wanga. Manja ndili nawo, ndipo mkazi wangayu khasu amalidziwa kuposa ine.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Poti amalume akana, inuyo mudzaime nane pa boma. Kenako mutipatse tsala lija la kumadzulo, limene mwalisiyira nsenjere chimwalirireni amayi.

Mukakana ndibwerabe. Ndidzalowa utenanti pa esiteti ija yogundana ndi munda wanu. Fainala azidzasoka fodya wa eniake inu mukuona, ndipo kumpingo azidzakufunsani kuti mwana wotenga dzina la mayi anu akutani kumeneko. Ine manyazi anandithera kuno. Anu sindikudziwa.

Dzulo Fainalayo anandifunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti. Ndinamuuza kuti n'kwa azakhali ake a Consolata, ndipo wayamba kale kuphunzitsa mlongo wake Amosi kupereka moni wa Chichewa. Ngati ndinamunamiza, mudzamuuze nokha. Basi ikangotitsitsa pa Kasungu, ndidzamubweretsa pakhomo panu mvula isanagwe.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amalumenso muwapatse moni, muwawerengere kalatayi osadumpha mzere. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso.

Ndine mlongo wanu,
Kalekeni