Mchira wa dzina la nyimbo

Lolemba, 10 Juni

Kabokosi kangoti zii. Ndikunena kakompyuta kamene Tamanda, mdzukulu wanga, anandiikira pamwamba pa kabati. Muli mawu a malemu amuna anga, a Efulemu, amene anawajambula asanatisiye: nyimbo za kwaya, ngakhale mabodza awo a ku migodi. Mwana wanga Yakobe ali ku Joni amalemba dzina la nyimbo pa foni, dzinalo n'kudutsa pa netiweki, kuno bambo ake n'kuyamba kuimba. Ndikamva, ndimadziwa kuti mwana wandikumbuka.

Lero ayi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndamukalipira Yakobe pa foni. Ndati zala zakozo ngati chinangwa, wadina chiyani? Akulumbira kuti sanalakwitse kalikonse.

Lachinayi, 13 Juni

Tamanda wafika kuno ku Mitundu kuchokera ku Nathenje pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze. Wayang'ana mu laputopu nthawi yaitali, nkhope n'kugwa.

Akuti munthu wosadziwika, mwina wa dziko lina, anatumiza dzina la nyimbo lokhala ndi mchira. Mchirawo unali lamulo lakuti fufuta zonse. Kabokosi kanameza dzina ndi mchira womwe, n'kuchita.

Ndati, "Ndiye kamamvera aliyense wodutsa? Ngakhale galu amayamba wanunkhiza."

"Ndinalakwa ndine, agogo. Mawu obwera ndinkangowapereka osawasefa."

"Sukulu yonse ija, kupeta osakudziwa?"

Walira. Pakamwa pangapa.

Lachisanu, 14 Juni

Tamanda akuti mawu aja kwina sanasungeko. Foni imene anajambulira inafa kalekale.

Ndayesa kukumbuka mmene a Efulemu ankasekera. Nkhope ikubwera, mawu ayi.

Loweruka, 15 Juni

Mwanayu sakudya. Ndamuikira mbatata pambali, sanaicheukire. Akuti zofufutidwa zimasiya mapazi, ndiye akulondola. Wakaphunzitsanso kabokosi kuti kazilandira mayina okhawo amene kakuwadziwa. Ndati mayina a chiyani, poti mulibe kanthu? Ndanenera chamumtima ulendo uno.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi sindinapite, sindikanatha kumva kwaya.

Masana Tamanda wandiitana. Nyimbo zonse zapita. Wapeza kachidutswa kamodzi, kafupi ngati mpweya umodzi. Wadina. Kutsokomola, mpando kulira, kenako:

"Amake Yakobe, mbuzi zanu zija zalowanso m'munda mwa eni!"

Ndayankha ndisanaganize. "Nanga inu miyendo mulibe?"

Tamanda wandiyang'ana, wafunsa ngati abwereze. Ndati dikira, ndiyambe ndakhala pansi.