Sindinasaine pepala lawo la uzamba

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uja ukutupabe? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Paja ndinakuuzani kuti kukoleji kuno tikutsegula maphunziro a uzamba. Anatisankha anthu asanu kuti tilembe cholinga cha maphunzirowo ndi zimene wophunzira ayenera kutha kuchita akamamaliza. Miyezi itatu takhala tikukangana m'kachipinda kopanda windo, nthawi zina pa liwu limodzi lokha. Ine ndinalemba kuti aliyense asanalandire satifiketi akhale atathandiza amayi makumi awiri kubereka, mphunzitsi ali pambali, ndipo azidziwa kuletsa magazi akayamba kutayika.

Lachiwiri mkulu wa koleji, amene timangowatcha a Chitayi, anabweza pepalalo atakhwatcha mzere wangawo ndi cholembera chofiira. M'malo mwake analemba kuti wophunzira adzamvetsa za ubereki ndipo adzakhala mtsogoleri wa mawa. Akuti wodi imene timaphunzitsiramo ili ndi mabedi khumi ndi awiri okha, pomwe iwo alemba kale ophunzira mazana awiri. Akuti chidole cha pulasitiki chophunzitsira uzamba chili m'kabati chija n'chokwanira.

Ndinawafunsa pamaso pa onse. "Bwana, mwana wanu atafika tsiku lake lobereka, mungamupereke kwa munthu amene anangogwirapo chidole?"

Anandiyankha kuti ndimalankhula ngati namwino wa m'wodi, osati mphunzitsi wa pakoleji. Anzanga anayi aja, amene pa tiyi ankandiwombera m'manja, anangoweramitsa mitu n'kusaina. Ine ndinakana. M'mawa mwake anandichotsa m'komiti. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, pepala lapita choncho.

Tsono pempho langa ndi ili. Fomu ya maphunzirowa imene ndinatumizira mwana wanu wamkulu ija musaibweze kuno, ing'ambeni. Ndikudziwa kuti wagula kale nsapato zoyera, ndipo andikwiyira poti ndine ndinamukopa. Adikire chaka, ndimufunira malo kwina. Kuli bwino andide ine kusiyana n'kuti tsiku lina adzaime yekha pamaso pa mayi akutaya magazi, satifiketi ili kukhoma, iye osadziwa chochita.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume ndi alamu. Amayi musawauze zoti andichotsa, angayambe kusala kudya.

Ndine mng'ono wanu wouma mutu uja,
Chitsirizira